Mkazi Wosasudzulidwa ku Clerkenwell

Pa sitolo yachitatu anawapatsa kachidutswa ka tchizi kolimba ngati sopo. Bessie anatafuna, anameza. Sanamve mchere, sanamve kanthu.

Linali Loweruka la mu Okutobala 2006, kamvula kakuwaza. Anthu khumi ndi mmodzi ankayenda wapansi m'misewu yakale ya Clerkenwell, kumene Ataliyana anakhazikika kalekale. Ankalowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina, kulawa zakudya za kwawo kwa eni masitolowo. Patsogolo panali wowatsogolera, bambo wakuda wamtali, ambulera yofiira ili m'mwamba, pachifuwa kabaji kolembedwa kuti Roy. Chingerezi chake chinkatulukira m'mphuno. Mayina a zakudya ankawatchula mokoka ngati anabadwira ku Naples, chonsecho Chitaliyanacho anachitola pa chikamwini: anakwatira mwana wa mwini sitolo imene ulendowu umathera. Ponyamuka anawerenga anthu ake, anasokonezeka, n'kuyambiranso. Bessie sanamupatse moni. Ku London khungu si chibale.

Bessie ankasamalira nkhalamba ku Tottenham, ndipo sanali munthu wa maulendo oterewa. Tsiku lopuma iye ankagona basi. Koma mawa lake, akaweruka ku tchalitchi, a Biswick ankafuna yankho. A Biswick, dalaivala wa basi, bambo waulemu wa dazi, anali atadikira chaka chathunthu, ndipo anali atanena mosabisa kuti kudikira kwawakwana. Bessie ankawafuna, kapena tingoti sankawakana. Chopinga chinali chimodzi: anali asanasudzulidwe. Zaka zinayi chitayireni mwamuna wake, bambo ake a mwana wake Luntha, iye anali akadali mkazi wa pakhomo pawo ku Dedza. Akaimba foni, apongozi ake ankangoti, "Zimenezo si za pafoni, mwanawe." Ndipo mkazi wosasudzulidwa salowa banja lina. Akalowa, mudzi umamuloza chala, iye ndi mwana wake yemwe.

Bambo ake a Luntha ndiwo anatsogola kubwera ku London, ati kudzaphunzira. Maphunzirowo anathera m'makhitchini a m'misewu yomweyi, kutsuka mbale. Ankalemba makalata aatali. Ankasimba za buledi wothira mafuta pamwamba, za nyama yaiwisi yodula mopyapyala, za maolivi owawa ngati mankhwala a malungo, amene ukawazolowera umawalota. "Tsiku lina ndidzakudyetsa zonsezi," inatero kalata ina. Kenako makalata anasiya. Unabwera uthenga umene unabwerawo. Bessie analira mwezi umodzi, misozi n'kuphwa, ndipo chiphwere sinabwerenso. Patapita zaka ziwiri anasiya Luntha kwa mchemwali wake, nayenso n'kukwera ndege. Koma ku Clerkenwell anali asanapondeko mpaka lero.

Pa sitolo yachinayi panali maolivi aja. Anadya atatu. Anadikira kuti mwina mtima uwawa, mwina ukwiya. Unangoti zii.

Mayi wina wachizungu wa imvi, yemwe ankayenda ndi ndodo kumbuyo kwa gulu, anamufunsa m'Chingerezi ngati wabwera yekha.

"Mwamuna wanga ankagwira ntchito kuno," anatero Bessie. "Ndinamutaya."

Mayiyo anamugwira dzanja n'kulifinya. Anati nayenso wake anamuika m'manda chaka chatha, ndipo zakudya zonse zimangomveka ngati pepala. Bessie analiyang'ana dzanja lakelo ngati la munthu wina. Kuchokera pamenepo mayiyo ankamukankhira mbale iliyonse kuti atenge kawiri, ndipo Bessie ankatenga, poti kukana kumafunanso mphamvu.

Roy ankalankhula osapumira. Anawaonetsa tchalitchi cha Ataliyana, anawaonetsa khomo limene kale ankagulitsirapo ayisikilimu wa pangolo, anawaseketsa ndi nthabwala zimene zinkaoneka kuti amazinena Loweruka lililonse. Anthu ankajambula zithunzi. Bessie ankangoyang'ana pamene akuponda, nsapato zake za kuntchito zitalowa madzi.

Sitolo yomaliza inali yaing'ono, yofunda, yonunkhira khofi. Nyama zouma zinali lendelende kudenga. Kuseri kwa kauntala kunali mdala wa ndevu zoyera, apongozi ake a Roy, ndi mwana wawo wamkazi, wa tsitsi lakuda lalitali, khanda lili m'manja. Roy anapsompsona khandalo pamutu, anthu n'kuti aaa. Kenako anatenga thireyi ya timakapu ta khofi wakuda bii, n'kuyamba kugawira mmodzimmodzi. Anati khofi ameneyu samwa mokhala pansi, amangogugudiza kamodzi. Anazungulira gulu lonse. Bessie anamusiyira pomaliza.

Ali m'sitima m'mawa, Bessie anali atadziuza kuti chilichonse adzalandira ngati mzungu, ndi dzanja limodzi, maso ali gwa. Masitolo anayi anakwanitsa, poti zakudya ankadzitengera yekha pa mbale. Koma apa kapu inabwera kuchokera m'dzanja. Thupi silinamufunse. Manja onse awiri anatambasuka, maso anagwa pansi, mawondo anapinda mpaka siketi inakhudza simenti yonyowa.

Kenako mkazi wa Roy anaseka mokondwa, akugwedeza khanda lake. Anati pa makasitomala onse amene anadutsapo sanaonepo ulemu wokongola chonchi, ndipo anafunsa mwamuna wake ngati kwawo ku Africa akazi amalandira chotero kwa munthu aliyense.

Roy anawerama, kapu idakali m'dzanja lake.

"Osati pano, amake Luntha," Roy ananong'ona, m'Chichewa cha ku Dedza chenicheni.

"Pano pomwe," anatero Bessie, osadzuka. "Amayi anu akuti munthu wamoyo amasudzula yekha mkazi wake. Ndisudzuleni, ndikayankhe anthu mawa."