Valavu ya Bwana Liwiro

"Mwaitani galimoto yanga?" anakalipa Bwana Liwiro, mwendo umodzi udakali m'galimoto pakhomo pa galaja. "Ndikachotsa phazi pamoto imalira kuti tu-tu-tu-tu. Lero yangoti zii ngati mkamwini watsopano!"

Makaniko anapukuta manja pasanza. "Anabwera nayo dzulo mayi akunyumba, bwana. Valavu yotulutsa mpweya munthu wina anaitseka ndi chitsekerero cha botolo. Mpweya ukasowa potulukira umabwerera n'kukamenya mapiko a tabo, kachipangizo kopopera mpweya mu injini. Imeneyo si nyimbo, n'kubuula."

"Munthu winayo ndine! Ikalira choncho, msewu wonse umacheuka."

"Amacheukiranso ngozi, bwana."

"Bwezeretsani mmene munapezera."

Makaniko anatola chitsekerero chija pansi, n'kuchibwezeretsa pavalavu.

Loweruka, akupita ndi mkazi wake kukaona apongozi, Liwiro anaponda moto pachitunda chomaliza, n'kusiya, n'kupondanso, kuti alamu ake amumve asanamuone. Galimoto inalira tu-tu-tu kawiri. Kachitatu kunamveka kuti khwee, utsi tolotolo kumbuyo, injini n'kuzima.

Mkazi anakhala pachiwongolero. Liwiro anavula jekete n'kuyamba kukankha, mimba ikugunda buti, nsapato zikuterereka. Pofika pageti pa apongozi, thukuta linali kamukamu, mpweya ukutuluka m'kamwa mwake modukiza ndi kalikhweru. Alamu ake anali atandanda pampanda, ana a oyandikana nawo atakwera pakhoma.

Mkazi anatsitsa galasi n'kusuzumira kumbuyo.

"Musasiye, bambo. Taonani, msewu wonse wacheuka."