Lestina Wakwera Ndege

Loweruka masana foni ya Mcloud inalira ali m'shedi yopakira nandolo. Chinali chithunzi chochokera kwa mkazi wake Lestina: chikwama chachikulu, kapu ya tiyi, kumbuyo kwake chikwangwani cha bwalo la ndege la Heathrow. Pansi pake panali mawu awiri okha: "Ndikukwera tsopano."

Mcloud anali foromani pa famu ina kufupi ndi Mvurwi, ku Zimbabwe. Lestina anapita ku London mu 2022 kukasamalira okalamba, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna wakeyo anasanduka katswiri wa za ndege. Aliyense m'komboni anali atamvapo kuti kuchoka ku London kufika ku Harare ndi makilomita 8,300. Mai Anesi a nyumba yoyandikana atamudzudzula chifukwa cholowetsa chibwenzi chake Everjoy m'nyumba ya mwini wake, Mcloud anangoseka.

"Mai, muimbireni lero. Ndege yobwera molunjika kulibe, mpaka akasinthe ku Addis. Pofika kuno ndasesa kale."

Tsopano nthawi yosesayo inakwana. Lestina ndiye anagula sofa, sola ndi njinga yamoto, ndipo Mcloud sankafuna kubwerera pa mpando wa thabwa. Anathamangira kunyumba, nalongedza zovala za Everjoy m'matumba a feteleza.

"Miyezi yonseyi ndakuchapirani, lero ndasanduka zinyalala?" anafunsa Everjoy.

"Kombi yomaliza inyamuka posachedwa," anayankha Mcloud, maso ali pa wotchi.

Everjoy anachoka akutukwana m'Chishona, komboni yonse itaima pakhomo. Analumbira kuti ngakhale pa maliro a Mcloud sadzapondapo.

Mcloud anakolopa yekha. Anachapa makatani, anabwezera pakhoma chithunzi cha ukwati chomwe chinkakhala kuseri kwa kabati, anapha mbuzi. Kwa ana a m'komboni anagawa maswiti kuti aiwale dzina la Everjoy. Mai Anesi anawapatsa mwendo wa mbuziyo. Iwo analandira ndi manja awiri.

Lamlungu m'mawa anavala suti nakhala pakhonde. Malinga ndi masamu ake, ndege inayenera kutera ku Harare masana. Dzuwa linapendeka. Kombi zinadutsa pamsewu wa m'minda ya fodya, palibe yomwe inakhota. Mbuzi inazizira mumphika, suti inanyowa kukhwapa.

Madzulo anaimba.

"Amai, mwatera?"

"Ndatera dzulo, a Mcloud," anatero Lestina, mawu ali bata.

"Dzulo? Nanga muli kuti? Ndikutumizireni galimoto ya pafamu?"

"Ifika ku Toronto, ku Canada kuno? Musavutike. Nobert, amene akundikwatira mwezi wamawa, anandichingamira kale. Ndimafuna kukuuzani kuti nyumbayo ndamusiyira Everjoy. Mumusamale, poti ndi yekhayo mwatsala naye."