Timadontho ta a Tahiru

A Tahiru anadina pa kadontho kofiira, monga mwa masiku onse, kuti pulinta ilavule makadi a ukwati. Kompyuta inazima.

Anaiyatsanso, nadina kobiriwira kuti atsegule polembera. M'shopu munabuka nyimbo, nkhuku zomwe zinali pakhonde n'kubalalika.

"Basi, zafika," anatero akuvula mzuli n'kupukuta thukuta pamutu.

Anali atachenjezedwa kale. Duncan, wokonza makompyuta wa ku Lilongwe amene anawaikira Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, anali atawaimbira foni kuti maonekedwe atsopano akubwera, chilichonse chisuntha, asachite mantha. Linakisiyo Duncan anaisankha chifukwa njaulere, komanso sigwidwa msanga ndi matenda a m'mafulashi a makasitomala. Amaikonza ndi anthu ongodzipereka a m'maiko akutali. A Tahiru sanafunse kuti zatsopanozo zidzafika bwanji. Intaneti pa kompyuta yawo panalibe, koma mawaya a magetsi analipo, ndipo zoyenda m'mawaya ndani anaziona?

Maso awo anali atafooka, koma magalasi ankawakana, ati ndi a nkhalamba. Choncho kalekale anatenga timapepala tozungulira tomwe akazi awo, a Anifa, amamata pa katundu wa m'shopu, n'kutimata pagalasi la kompyuta paliponse pofunika kudina. Galasilo linali mawangamawanga ngati nkhanga. Zomwe zinali kunsi kwa timadonthoto anaziiwala. Iwo ankangodziwa mtundu: chofiira n'chosindikiza, chobiriwira n'cholembera, chachikasu n'cha nyimbo, chabuluu n'chozimitsa, mpaka mitundu ina yomwe dzina lake ankalidziwa okha.

Tsopano palibe mtundu womwe unkamvera. Ngakhale galasi lenilenilo linkaoneka lina, lowala, lonunkhirako bwino.

"Anthu awa ndi oopsa," anauza akazi awo. "Atumiza ndi fungo lomwe."

A Anifa sanamve. Anali mbali ina ya shopuyo ndi kansanza konyowa, akulimbana ndi fumbi la mu Ogasiti, lomwe pa Nsaru limalowa ngakhale m'botolo lotseka.

Masana kunafika a Levison, mlimi wa fodya amene mwana wake Vanessa ankakwatiwa.

"Achimwene, makadi aja?"

"Pang'ono, bambo. Makinawa akusamuka."

"Akusamukira kuti? Si awa ali pompa?" A Levison anasuzumira pagalasi. "Mwana wanga sangakwatiwe ndi uthenga wapakamwa ngati maliro. Tsiku la msika likandipeza wopanda makadi, ndiwolokera kwa Gideoni."

Gideoni anali atangotsegula kumene malo osindikizira kutsidya kwa msewu. A Levison akawoloka, abale awo onse awoloka nawo, ndipo abale a a Levison ndi theka la Nsaru.

A Tahiru anakhala pansi n'kuyamba sukulu. Ankadina kadontho, kuona chomwe chachitika, n'kuloweza mokweza, thupi likugwedezeka ngati mwana wa ku madrasa. "Chofiira n'chozimitsa. Chofiira n'chozimitsa." Ogula shuga ankaima pakhomo n'kudikira mwaulemu, poganiza kuti akupemphera.

Sizinayende msanga. Anasindikiza chithunzi cha mbuzi ya munthu wina mapepala ambirimbiri. Anafufuta mkwati pakhadi, Vanessa n'kutsala akukwatiwa yekha. Pofuna kumubweza, anamuika chafufumimba, dzina lake likulowa pakati pa maluwa. Kompyuta inazima kambirimbiri moti anayamba kuiperekeza ndi mawu akuti iyende bwino.

"Chaulere n'chimenechi," ankang'ung'udza. "Amakulowera m'nyumba, kusuntha mipando yonse, iwe n'kuthokoza."

Koma dzanja limazolowera. Pang'onopang'ono linasiya kuthamangira chofiira, linaphunzira kuti polembera tsopano ndi pa chabuluu, ndipo kusindikiza kwapita kwa chachikasu. A Tahiru anayambanso kuona nzeru m'zatsopanozo. Zoona, chofiira ndi mtundu wa ngozi, chinayenera kukhala chozimitsa kuyambira kale. Anthu akutali aja anakhala pansi n'kuganiza.

M'mawa wa tsiku la msika pulinta inalavula makadi, mkwati ali pambali pa mkazi wake, maluwa ali m'malo mwake. A Levison anawalandira ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti pulogalamu ya ukwati nayo idzasindikizidwa pomwepo.

A Tahiru anavala mzuli bwinobwino n'kuima pakhonde.

"A Gideoni!" anakuwa, msika wonse ukumva. "Kodi mukadali pa zakale zija eti? Zikakufikani zatsopanozi musalire, mudzabwere ndidzakuphunzitseni. Sindilipiritsa ana."

Asanabwerere m'kati, njinga yamoto inaima pakhomo. Anatsika Duncan, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, fulashi ikulendewera m'khosi.

"Ndabwera nawo maonekedwe aja, a Tahiru."

"Mwachedwa, achimwene. Anafika okha, ndipo ndawagonjetsa kale."

Duncan anawerama pa kompyuta, nakanda kadontho kofiira ndi chikhadabo, n'kuyang'ana kunsi kwake. Anakandanso kena.

"Iyitu ndi yakale yomwe ija. Palibe chasuntha."

"Musavutike ndi zikhadabo, achimwene, timachoka bwino ndi madzi a sopo," anatero a Anifa akubwera ndi kansanza kawo. "Tsiku lija ndinatimatula tonse popukuta galasi, n'kutibwezera. Palibe ndi kamodzi komwe kanatayika."