Njinga Yopepuka ndi Mlamu Wosakanizidwa

Panali munthu wina ku Mtakataka, dzina lake Nasoni, wa kabaza. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo, ndipo ine sindikuwonjezerapo mchere. Nasoni anali ndi miyendo ya mphatso. Ankatha kupitirira anzake opanda katundu iye atanyamula mayi wonenepa ndi dengu lake lomwe.

Che Yasini, amene anagwirapo ntchito yokonza njinga ku Joni, anabwerako ndi njinga ziwiri za mpikisano. Ina inali ya felemu ya aluminiyamu, ina ya kaboni. Ya kaboniyo, abale inu, inali njinga! Munthu ankainyamula ndi zala ziwiri, ndipo ukangoponda pedulo kamodzi inkauluka yokha. Ataona kupalasa kwa Nasoni, Che Yasini anamubwereka ya kaboniyo kuti akonzekere mpikisano wokwera ndi kutsika phiri la Khwekhwelere.

"Mwanawe, tamvera," anatero Che Yasini. "Felemu iyi ndi ulusi woumbidwa ndi guluu, si chitsulo. Imanyamula munthu mmodzi basi. Chitsulo chikatopa chimapindika n'kukuchenjeza, koma kaboni amang'aluka mwakachetechete, tsiku lina n'kungothyoka. Osaisenzetsa katundu, osabwereka munthu. Ukaikayikira, igogode ndi supuni. Yabwino imalira kuti ngwee, yong'aluka imangoti phu."

Nasoni anaikonda njingayo moti ankaipukuta asanasambe yekha. Mkazi wake Kettie ankamuseka kuti wamubweretsera mkazi mnzake.

Koma Nasoni anali mkamwini, ndipo kumudzi njinga ndi ya mudzi wonse. Tsiku lina kunabwera mlamu wake Jailosi, mchimwene wa Kettie, munthu wodziwa zonse amene sanaphonyepo mtsutso.

"Alamu, ndibwerekeniko kanjinga kanuko ndikafike ku Bwanje."

"Pepani alamu, eni ake anakaniza. Tengani ya kabazayi."

"Ha! Munda mukulimawu ndi wathu, ife sitinakukanizeni. Lero njinga yakhala ya mtengo wapatali kuposa mlongo wanga?"

Mawuwo anamulasa Nasoni. Manyazi anamugwira, n'kupereka njinga.

Ku Bwanje Jailosi anapatsidwa thumba la mpunga. Poona kuti njingayo ilibe kaliyala, anakoleka thumbalo pakati pa felemu, kumanga ndi malegeni, n'kuyamba kukankha. Panjira njinga inamupulumuka n'kumenya mwala, thumba lili pamwamba. Panaoneka kamng'alu konga tsitsi. Jailosi anamatapo sitika ya timu yake ya mpira, n'kukabweza njinga akuimba mluzu.

"Ndakukongoletseraninso, alamu."

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, Nasoni akupukuta njinga, mtima unakana sitika ija. Anapempha supuni kwa Kettie n'kuyamba kugogoda felemu. Kutsogolo ngwee. Kumbuyo ngwee. Pa sitika, phu. Atamatula, anakhala pansi manja ali m'mutu.

Apa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa Nasoni. Mpikisanowo unali khomo lake lotulukira pa kabaza, chifukwa opambana ankatengedwa ndi timu ya mumzinda. Kamng'aluko kanali kobisika ndi chala chimodzi. Wina akanamatanso sitika n'kunena kuti Mulungu aona. Iye anauza Kettie kuti akukanena kwa eni ake, ngakhale amulande zonse.

Jailosi atamva anabwera akuseka.

"Alamu, mantha anuwa! Kukandika kokhako? Ine njinga ndinayamba kukwera inu mukuyamwa. Taonani."

"Alamu, chonde tsikani!" anakuwa Nasoni ataona Jailosi atakwera njinga ya kaboni ija.

Koma munthu anali atapita kale, akutsetsereka njira ya kudambo, malaya akuuluka. Atangogunda kabampu, felemu inathyoka pakati ngati phesi la chimanga. Jailosi anatsogoza nkhope. Mano awiri anatsala pomwepo, phewa n'kuguluka.

Nasoni anathamanga, kumukweza pa njinga yake yakale yachitsulo, Kettie akumugwirira, mpaka kuchipatala ku Mua. Njira yonse ankangoganiza kuti zikanachitika mawa lake pa makona a Khwekhwelere, Kettie akanakhala wamasiye.

Kenako ananyamula zidutswa ziwiri zija kupita nazo kwa Che Yasini, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Mkuluyo anasisita felemuyo, misozi ili lengelenge, pakuti kaboni sapita kwa wowotcherera.

"Wandipweteka mtima, Nasoni," anatero. "Koma wabwera ndi miyendo yako, ndipo sunandinamize. Tenga ya aluminiyamu. Ndi yolemerapo, imagwedeza msana pa mabampu, koma ndi yamoyo."

Mawa lake Nasoni anakwera phiri lija ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Anatuluka wachiwiri, kusiyana ndi woyamba ndi tayala limodzi lokha. A timu anamutengabe, koma aliyense anadziwa kuti pa kaboni palibe akanamuona msana.

Patapita sabata, msuweni wa Kettie anafika kudzabwereka njinga ya aluminiyamu kuti apite kuchigayo. Nasoni asanatsegule pakamwa, Jailosi, dzanja lili m'nsalu, anayankha ali pakhonde, mphepo ikutulukira pa mpata wa mano:

"Iwe, pita wapansi."

Phunziro: Chinthu chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo amene wakupatsa ndiye amadziwa malamulo ake. Manyazi okana m'bale akhoza kukuika m'manda. Akulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika: kanani mwaulemu, koma kanani ndithu. Ndipo mukalakwitsa, musamate sitika pa mng'alu. Tumizirani anzanu, makamaka alamu anu aja osamva kuti ayi.