Malizani Anaima Pakhomo la Chikuta

Panali munthu wina dzina lake Malizani, Mlomwe wa pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, nthawi ya thangata ija anthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Akuti ndi zoona, zinachitika m'zaka za m'ma 1920. Munthuyu analitu ndi liuma, ukamuuza kumanja iye basi kumanzere.

Mkazi wake Eneless atangobereka mwana wamwamuna, mchimwene wa mkaziyo anathawa thangata atamenyana ndi kapitawo. Eneless anali m'chikuta, ndipo mwambo unali wosachita kufunsa: mwamuna salowa m'nyumba imeneyo mchombo wa mwana usanagwe, kuopa kuti mwana angadwale tsempho. Malizani mwini wakeyo ankagona kwa anzake.

A Jonas, mphunzitsi wa mpingo wa Sabata amene ankamasuliranso milandu ku boma, anabwera kudzamuchenjeza.

"Achimwene, mawa asilikali abwera ndi kalata yofufuzira nyumba za abale onse a mlamu wanu wothawayo. Musadzaime pakhomo."

"Ine sindimenya munthu, aphunzitsi."

"Mlanduwo sudikira nkhonya. Kutsekereza munthu wa boma pa ntchito yake ndi mlandu pawokha. Kuima pakhomo, kutseka njira, kumunamiza, zonsezo n'chimodzimodzi. Uzani azamba amufunditse mwana bwinobwino, asamukire kwa akazi anga lero lomwe, asilikaliwo adzafufuze nyumba yopanda munthu. Mukamangidwa, malo ano akulandani."

"Mwana wa masiku atatu atuluke panja chifukwa cha pepala la mzungu? Zimenezo kaphunzitseni ana asukulu."

Tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo, asilikali awiri anafika ndi kapitawo. Anapeza Malizani ali chilili pakhomo, manja kumbuyo.

"Tapatukani, bambo," anatero msilikali wamkulu.

"Muli chikuta muno. Mlamu wanga mulibe."

"Tidzionere tokha."

"Manja angawa mukuwaona. Sindikukhudzani, koma simulowa!"

Msilikaliyo anayang'ana pansi. "Bambo, nanenso ndine wobala, mwambowo ndikuudziwa. Koma ndikukupemphani kachitatu, tapatukani."

Malizani osasuntha ngakhale chala. Anamuthira unyolo, wina n'kumukoka ulendo wa ku boma.

Tsiku la mlandu womasulira anali a Jonas omwe aja. Woweruza anafunsa ngati anamenya msilikali. Malizani anati ayi. Anafunsa ngati anaima pakhomo.

"Ndinaima! Akabweranso mawa ndidzaimanso. Malo ndi anu, tiyi ndi wanu, msana wangawu ndi wanu. Mwana yekhayo ndiye wanga."

A Jonas anamasulira mawu onsewo osasiyako, misozi ikulengeza. Kunena zoona, ngakhale ine mawu amenewo amandilasa mtima. Koma lamulo silinamve chisoni, anamugamula miyezi itatu.

Nanga esiteti ingadikire munthu nthawi yothyola tiyi? Atatuluka anapita pamalo pake, n'kupeza nyumba anaigwetsa kalekale. Pamene panali khonde panali mbande za tiyi, zobiriwira ngati palibe chinachitika.

Malizani anakamupeza Eneless ku dera la kwa Goliati, akukhala m'khitchini mwa azakhali ake. Mwana anamutcha Mabvuto, ndipo anali wonenepa, masaya phwii. Malizani anamunyamula m'mwamba monyada.

"Mwaona? Mwana ali moyo chifukwa ndinaima."

Eneless anapukusa mutu. "Bambo a Mabvuto, inu atangokukokani, msilikali wamkulu uja anadikira panja. Azamba anatifunditsa nsalu n'kutipititsa kwa akazi a aphunzitsi. Msilikaliyo analowa m'nyumba yopanda munthu, monga ananenera a Jonas."

Malizani anayang'ana mwana, anayang'ana denga lodontha la khitchini ya eni. Kupepesa sanapepese, munthu uja sankadziwa kupepesa. Anangobwereka nkhwangwa n'kufunsa kumene angadule mitengo yomangira, koma panalibe amene anali ndi malo oti amuloze.

Phunziro: Abale anga, kutsekereza wapolisi kapena munthu wa khoti pa ntchito yake yovomerezeka ndi mlandu, ngakhale manja anu ali kumbuyo. Osagonja pa chilungamo chanu, koma funsani kalata, nenani chifukwa chanu poyera, mverani odziwa lamulo. Mukasankha kuima, imani mukudziwa chimene mutaye. Tumizirani anzanu a liuma aja nkhaniyi, asadzaphunzirire kundende.