Chithunzi pa Msika wa Binh Tay

"Mwana wanga, tatijambule," anatero a Khiem pondipatsa foni.

M'mawa wonse ndinali ndikuwaonetsa mzinda wa Saigon, iwo ndi mayi wodzola bwino amene anabwera naye kuchokera ku Amereka. Sanandizindikire. Ine ndinawadziwa atangokwera basi, chifukwa cha chipsera chapachibwano. Anali bambo anga, amene anatithawa ndisanayambe sukulu.

"Kuno muli ndi abale?" anawafunsa mlendo wina amene tinali naye m'basimo.

"Ayi, onse anatha kalekale," anayankha a Khiem.

Ndinakukuta mano, n'kukweza foni ija. Kumbuyo kwawo, pachipata cha msika, amayi anga anali atawerama, akutsuka mbale za makasitomala m'beseni.

"Tasunthirani kumanzere, bambo," ndinatero mokweza kuti aliyense amve. "Mukuwatchinga akazi anu."