Phulusa pa Repu

Mainess anapezanso phulusa pa repu wake. Sabata yachiwiri tsopano, m'mawa uliwonse.

Repuyo anali m'masaka khumi kuseri kwa nyumba yawo ku Mtendere. Chigonereni amayi ake ndi chifuwa, kumsika osapitanso, ndiwo za m'nyumbamo zinali zomwezo. Juni atafika ndi mphepo yake, masamba anayamba kupindika ndi kuchita chikasu.

Wochita izi Mainess ankamudziwa. Ba Felistus a nyumba yoyandikana anali atakangana ndi amayi ake pa nkhani ya chingwe choyanikapo zovala, ndipo pochoka anati, "Muzaona." Kutchalitchi nako abusa ankanena kuti phulusa longopezeka pakhomo m'mawa si lachabe, pali dzanja la munthu.

Mainess sanawauze amayi ake. Wodwala sumuwonjezera mantha. Iye ankangotenga madzi n'kutsuka tsamba lililonse, zala zitauma ndi kuzizira, akupemphera chamumtima. Koma repu ankangofa. Anatsala masaka anayi. Akatha amenewo adzadya chiyani?

Loweruka anawapeza Ba Felistus pamzere wa pampopi. Mainess, amene ngakhale m'kalasi sankakweza dzanja, anangomva mawu atuluka okha.

"Ba Felistus, tinakulakwilani chani? Mufuna tife na njala?"

"Iwe mwana, wadya chani lelo?" anatero Ba Felistus, mzere wonse n'kuseka. Mainess anabwerera kunyumba chigubu chili theka, misozi ili mbwe.

Lamlungu kusanache bwino anakabisala kuseri kwa chimbudzi, atafunda chitenje, mwala uli m'manja. Sankadziwa ngati adzaponyadi, koma ankafuna aone ndi maso ake.

Chitseko chinalira. Munthu anatulukira pakona pang'onopang'ono, akugwira khoma, chitini chili kukhwapa. Anawerama pa thumba loyamba n'kuyamba kuwaza. Kenako anatsokomola.

Mwala unagwa pansi.

"Mainess? Uchita chani uko?" anatero amayi ake, akupuma movutikira. "Bwela unigwilile chitini. Kwathu ku Katete nsabwe za mu repu timapaya na phulusa. Koma pa yadi pano pali mfiti, mwana wanga. Nikathila, isuka. Nikathila, isuka. Sininafune kukuuza, ungayope."